Mayi wa lendi akayamba matenda pakati pa usiku, gadiyani wake ndani?

NaPhiri_Chitete:
Anzanga, pali nkhani yandisowetsa tulo sabata ino. Pa poloti panga pali tizipinda tinayi ta lendi. M'chipinda cha kumapeto mumakhala kamtsikana, sindikhulupirira kuti kanakwana zaka 20. Kanabwera mu Meyi ndi mwamuna wake kuchokera ku esiteti ya fodya. Mwamunayo anapita ku Joni mu Ogasiti, pano amangomveka pafoni.

Lachiwiri cha m'ma 1 koloko usiku ndinamva kugogoda pawindo. Kutsegula, ndi mwanayu, wagwira khoma, chitenje chili chonyowa, nsupa yasweka kale. Ndinamufunsa buku la sikelo, kutsegula muli moyera, anangopitako kamodzi. Beseni alibe, pepala lakuda alibe, zitenje ziwiri zokha, chachiwiri ndi chomwe wavalacho. Ndinakhuthula zovala m'beseni langa lochapira, n'kung'amba pulasitiki amene ndinafundikira nkhuni, n'kutenga zitenje zanga zitatu. Wakabaza woyamba sanayankhe foni, wachiwiri anati alibe mafuta, wachitatu ndiye anabwera. Tinakwera atatu, mwanayo pakati.

Anachira cha m'ma 4, mwana wamkazi, onse ali bwino, tithokoze Mulungu. Koma ine ndinatha masiku awiri ndikupemerera moto kukhitchini ya magadiyani, geni yanga ya tomato itaima, chifukwa cha munthu amene ngakhale mfunda wa mayi ake sindiudziwa. Sindikudandaula ayi. Chomwe ndikufunsa ndi ichi: kumudzi kuli azakhali, kuli apongozi, amfumu amadziwa kuti nyumba yakuti kuli wodwala. Nanga kuno kwa ife a m'malokeshoni a mu tauni ya Kasungu, Chitete, Juma, Chankhanga, ndani amadziwa? Usiku umenewo ndikanakhala ndili kumaliro zikanatha bwanji?

Kabaza_wa_Usiku:
Mayi, mwachita za umunthu. Koma tiyankhepo ife a njinga, musatione ngati ouma mtima. Foni ya 1 koloko, nambala yachilendo, akuti bwera kuseri kwa damu kuli wodwala. Anzathu alandidwa njinga mwanjira yomweyo, ena mpaka kukhapidwa. Akuba anazindikira kuti mawu oti "mayi wapakati" amatidzutsa. Ine ndimanyamuka pokhapokha nambalayo ndinaisunga kale.

NaPhiri_Chitete:
Wachitatuyo ndi mwana wa mnzanga wa kumpingo, n'chifukwa chake anabwera. Koma K6,000 anandidulabe, mtunda woti masana ndi K1,500.

Kabaza_wa_Usiku:
Mafuta a m'zigubu mukudziwa mtengo wake mayi?

BamboAMapasa:
Vuto ndi mwamunayo. Umapereka mimba n'kukwera basi ya ku Joni osasiya ngakhale beseni? Amuna ena mukutichititsa manyazi.

Nachisale77:
Achimwene, akanakhala pano n'kumangoyang'anizana opanda ya ufa mukanamunenanso kuti ndi waulesi. Fodya akatha, ganyu wa mu Kasungu muno mukumudziwa.

Mzamba_wa_Leba:
Ine ndine namwino, ndakhala ku leba zaka zambiri ndithu. Mayi Phiri, zikomo. Koma chandiopsa pa nkhani yanu si beseni ayi, beseni amayi amabwerekana. Chandiopsa ndi buku loyeralo. Mayi amene sanayezedwe miyezi yonseyo amatifikira ngati thumba lomanga kukamwa: sitidziwa BP yake, sitidziwa ngati magazi ndi okwanira, za HIV sitidziwa, mwana wagona bwanji sitidziwa, ndi mmodzi kapena mapasa sitidziwanso. Zonsezo tizifufuze 2 koloko usiku, iye akubuula, pabedi lina wina akutaya magazi.

Sikelo si kukwera pasikelo chabe monga ena amaganizira. Kumayezedwa BP ndi mkodzo. Kumaperekedwa Fansidar woteteza malungo kuyambira mwezi wachinayi, kosachepera katatu, chifukwa malungo amabisala mwa mayi n'kumudya magazi mwakachetechete, mwana n'kubadwa wochepa. Kuli mapiritsi owonjezera magazi, katemera wa kafumbata, neti ya udzudzu. Mayi akapezeka ndi HIV amayamba ma ARV nthawi yomweyo, ndondomeko imene Malawi ndiye anali woyamba kuyambitsa mu 2011, ndipo ana ambiri abadwa opanda kachilombo chifukwa cha iyo. Kale tinkati mayi abwere kanayi, pano tikuti ka 8, ndipo ulendo woyamba ukhale miyezi itatu isanathe.

Ndipo Mayi Phiri, ntchito yanu sinathe. Masiku oyamba a chikuta ndi oopsa ngati tsiku lochira lomwe. Mukaona akutaya magazi ambiri, watentha thupi, zotuluka zikununkha, mutu ukumupweteka kwambiri, akuona chizimezime, nkhope yatupa, musadikire kuti kuche. Khanda likasiya kuyamwa, likazizira, likachita chikasu kapena mchombo ukayamba mafinya, chimodzimodzi. Pamchombo asapakepo china chilichonse kupatula chimene anapatsidwa kuchipatala. Abwerere pakatha sabata, ndiponso pakatha masabata 6.

NaPhiri_Chitete:
Anamwino, ndamufunsa m'mawa uno ndikumusambitsira mwana. Akuti atapita koyamba anamuuza kuti ulendo wina abwere ndi bambo wa mimba, apo ayi abwere ndi kalata ya amfumu. Bambo ali ku Joni, amfumu sawadziwa, ndiye anangokhala pansi. Chipatala chake sinditchula.

Nachisale77:
Eeh basi! Mwaiona nkhaniyo. Inenso zinandionekera mimba yachiwiri. Ndinalawira 5 koloko, ndili wachitatu pamzere, koma onse obwera ndi amuna awo analowa ine ndili chikhalire pabenchi mpaka dzuwa paliwombo. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anatuluka panja n'kukachita hayala wakabaza kuti akhale mwamuna wake kwa ola limodzi. Analowa, anayezedwa limodzi, anamulipira, aliyense njira yake.

Kabaza_wa_Usiku:
Ntchito imeneyo ine sindinaigwirepo, koma ndikudziwa amene anakwatira katatu sabata imodzi.

Mzamba_wa_Leba:
Tikuseka koma n'zoopsa. Zotsatira za magazi a munthu wa hayala zimalembedwa ngati za mwamuna weniweni, mayi n'kumapita kunyumba mtima uli m'malo pa bodza. Kunena zoona, cholinga chinali kulimbikitsa abambo kuti ayezetse limodzi ndi akazi awo ndi kumva okha za zizindikiro zoopsa, chifukwa ndalama ya transipoti imakhala m'thumba mwawo. Si lamulo loti mayi wopanda mwamuna abwezedwe. Ena anangolimbitsa chingwe mopitirira. Mukabwezedwa funsani kuonana ndi wamkulu wa anamwino, kapena ofesi ya ombudsman ya pachipatala, anaikidwira madandaulo ngati amenewa.

BamboAMapasa:
Koma ine ndiikira kumbuyo zoti abambo tizipita. Ndinapita monyinyirika, ndinakhala pakati pa azimayi ngati tambala mu khola la thadzi, akuimba nyimbo za sikelo ine maso pansi. Tsiku limenelo ndi limene tinauzidwa kuti mwina ndi awiri, tikajambulitse. Ndinayamba kusunga ndalama tsiku lomwelo. Pa miyezi 8 mayi anatupa miyendo ndi nkhope, apongozi akuti ndi chizindikiro cha mwana wamwamuna, ine ndinakumbukira zimene anamwino ananena. BP inali itakwera zoopsa. Anachita opareshoni usiku womwewo. Anyamatawa pano ali sitandade 2.

Nachisale77:
Palibe akukana kuti muzipita bambo. Tikukana kulanga amene alibe wopita naye.

Gogo_Nankhoma:
Ana inu, ine ndinabereka ana 7, asanu mwa iwo kwa azamba, onse ali moyo. Azamba ankakhala nawe pamphasa, akukusisita msana, osakukalipira. Pano akuti azamba ayi. Ndiye mwana ngati uyu azithamanga panjinga usiku nsupa itasweka? Kukanakhala mzamba pa Chitete pompo bwenzi atangoyenda wapansi.

Mphunzitsi_KU:
Agogo, ndi ulemu wonse, amene zinawavuta kwa azamba sali pano kuti atiuze mbali yawo. Kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Wa 2010 anapeza 675, wa 2015-16 anapeza 439, ndipo pofika nthawi imeneyo ana 91 mwa 100 ankabadwira kuchipatala. Chiwerengerocho n'chachikulube, koma chinatsika pamene amayi anasiya kuchirira pamphasa. Mbiri yakenso ndi yokhotakhota: boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, a Bingu anafewetsa chiletsocho mu 2010, kenako mu 2012 a Joyce Banda anayambitsa ntchito ya uchembere wabwino, mafumu motsogozedwa ndi Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu n'kuyamba kulipiritsa mbuzi kapena nkhuku mayi akachirira pakhomo.

Gogo_Nankhoma:
Aphunzitsi, manambala anuwo sasisita msana.

Mzamba_wa_Leba:
Agogo akunena zoona mbali imodzi, ndipo sindibisa. Tilipo anamwino a pakamwa poipa. Kutopa kulipo, usiku wina mumakhala awiri okha amayi ali mbwee mpaka ena pansi, koma kutopa si chilolezo chonyoza munthu ali pa ululu. Chimene mzamba wa kumudzi alibe ndi jakisoni woletsa kutaya magazi, magazi owonjezera ndi fiyeta. Mayi akayamba kutaya magazi atachira, maola awiri ndi okwanira kuti timutaye. Ndipo poti agogo muli pano, ndipemphe: mankhwala azitsamba a mwanamphepo ayi. Amafinya chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, mwana amabanika, chiberekero chimatha kuphulika. Timawaona magadiyani akulowetsa m'botolo la thobwa.

Gogo_Nankhoma:
Za botolo la thobwa sindiyankha.

Nyasulu_Belele:
Mayi Phiri ndinu osowa. Malandilodi ambiri akangoona mimba amayamba kuwerenga madzi. Wanga anandikwezera lendi mwana atabadwa, akuti matewera akutha madzi pampopi.

Landilodi_Weniweni:
Nanga bilu ya madzi amalipira ndani? Mumafuna tizikulipirirani chilichonse? Ine wina anathawa usiku ndi miyezi itatu ya lendi, anatenga ndi loko yemwe.

Nyasulu_Belele:
Madzi ake ati, otuluka 3 koloko m'bandakucha aja?

BamboAMapasa:
Kwathu kuno sabata yatha tinatunga pachitsime. Ndipo msewu wathu mvula ikagwa ngakhale ambulansi itapezeka singalowe. Makhansala tinawaona nthawi ya kampeni basi.

Landilodi_Weniweni:
Misonkho ya malo tikulipira ku khonsolo chaka ndi chaka, ngalande palibe.

NaPhiri_Chitete:
Abale, za ngalande tidzakambe tsiku lina. Ine ndafunsa za amayi.

Mlangizi_Zaumoyo:
Ndiyankhe monga mlangizi wa zaumoyo, amene kumudzi amatitcha adokotala ngakhale si ife madokotala. Funso la Mayi Phiri lagunda penipeni. Ndondomeko zathu zambiri zinapangidwa poganizira mudzi. Ma village clinic, kumene timapereka LA wa malungo, ORS wa kutsegula m'mimba ndi mankhwala a chibayo kwa ana osakwana zaka zisanu, anaikidwa m'madera ovuta kufikako, poyamba ankawerengera makilomita oposa 8 kuchokera kuchipatala. Lokeshoni ya m'tauni papepala ili pafupi, ndiye imaoneka ngati yothandizika kale. Koma makilomita atatu usiku, wopanda ndalama, wopanda wokuperekeza, ndi kutali kuposa makilomita 15 a munthu amene wakhala kale kuchidikiro ndi mayi ake.

Chachiwiri ndi kaundula. Cholinga cha boma n'choti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 58,000 mu tauni ya Kasungu, ndipo kuchokera pamenepo nyumba zamera paliponse. Kumudzi ndikalemba banja mu Januwale, mu Disembala ndilipeza pomwepo. M'tauni ndikalemba mayi wa miyezi itatu, ndikabweranso ndipeza chitseko chili ndi loko wina, akuti anasamukira kwa Juma. Msika wa fodya ukatsekedwa ku Chinkhoma, matenanti amene asiyana ndi mabwana awo amalowa m'tizipinda totchipa, sadziwika kwa aliyense. Masana ndikayenda nyumba ndi nyumba ndimapeza ana okha, amayi ali kumsika.

Chachitatu, mimba saulula msanga, mukudziwa nonse, amaopa kuti anthu angaimange. Kwa Inkosi Kwataine anathana nazo posankha amayi achinsinsi m'mudzi uliwonse, mayi akaima amakanong'oneza kwa mmodzi yekhayo, iye n'kumamukumbutsa za sikelo. Sindikuona chotiletsa kuchita zomwezo pa mzere wa nyumba za lendi. Landilodi ndi amene amaona chitenje chikukwera pamimba mwezi ndi mwezi.

Landilodi_Weniweni:
Ndiye tsopano tikhalenso anankungwi? Ndikafunsa mkazi wa mwini za mimba mwamuna wake andimva bwanji?

Nachisale77:
Inu ayi bambo, chonde. Akazi anu.

Wa_ku_Mchinji:
Ndine mlendo pagulu pano, ndinakwatiwa ku Kasungu koma kwathu ndi ku Mchinji. Kwathu kunali ntchito ya MaiMwana. Sankagawa ufa kapena ndalama, ena poyamba anakhumudwa nazo. Amayi ankangokumana pansi pa mtengo, n'kutchula okha mavuto amene akupha amayi ndi makanda m'mudzimo, n'kusankha lalikulu, n'kugwirizana chochita. Kwina analima dimba la masamba, kwina anapeza njinga ya ambulansi, kwina thumba la ndalama zadzidzidzi. Mayi anga anali m'gulu lotere ndipo mpaka lero akaona wapakati amamutsegula chikope kuona ngati magazi alimo. Kuno tili kale ndi mabanki mkhonde pafupifupi mzere uliwonse. Kathumba kapadera kaja timangokatsegula pa maliro. Bwanji osakatsegula munthu akadali moyo?

Nyasulu_Belele:
Mawu amenewo! Bokosi timasonkha tsiku limodzi, ya kabaza timasowa.

Nachisale77:
Koma wa lendi wobwera dzulo sali mu banki mkhonde. Tibwereranso pomwe paja.

Wa_ku_Mchinji:
Ndiye mugwirizane kuti kathumbako ndi ka aliyense wapakati wa pamzerewo, membala kapena ayi, adzabweza akachira. Ena sadzabweza, inde. Maliro amabweza?

BamboAMapasa:
Nanga zipatala za mishoni? St Andrew's ku Mtunthama kapena Nkhamenya, ndinamva kuti amayi salipira.

Mlangizi_Zaumoyo:
Zipatala zambiri za mishoni za pansi pa bungwe la CHAM zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi makanda a m'dera lozungulira azithandizidwa osalipira, boma n'kubweza ndalamazo. Koma mgwirizanowo umasiyana chipatala ndi chipatala, funsani kaye musananyamuke. Ndiponso kwa munthu wa ku Chitete matenda atayamba, Mtunthama ndi kutali, Nkhamenya ndiye kutalitali. Chothandiza msanga ndi Chipatala Cha Pa Foni, kuimba kwake n'kwaulere. Chinayambira ku Balaka mu 2011, pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Satumiza galimoto, koma amakuuza ngati zimene ukuonazo n'zodikira kapena zothamangira, ndipo wamanyazi amafunsa momasuka poti samuona nkhope.

Mwana_wa_Mlimi:
Ndakhala ndikungowerenga. Msuweni wanga anayamba matenda ali yekha m'nyumba ya lendi, mwamuna ali ku ulonda. Anali ndi zaka 17. Anapirira usiku wonse ndi tsiku lotsatira, akuopa kugogoda kwa aneba chifukwa anali atakangana nawo pa nkhani ya chingwe choyanikira zovala. Chingwe, abale. Pofika kuchipatala mwana anali atafa kale, iye anatsala ndi vuto lotaya mkodzo osaleka. Mwamuna anamuthawa. Anakhala zaka ziwiri akugona pa chiguduli, osapita kutchalitchi, osapita kumsika, achibale akuti anamulodza. Anadzachira atapita ku Bwaila ku Lilongwe, kumene kuli malo ochitira opareshoni ya fisitula mwaulere. Ngati mukudziwa wina wotere m'dera lanu, muuzeni kuti zimachizika. Pano amasoka zovala, koma za banja safuna kumva.

Gogo_Nankhoma:
Pepa mwanawe. Kumudzi ngakhale mutatukwanizana masana, usiku wa matenda mkangano umagona panja.

Mzamba_wa_Leba:
Ndiwonjezere za katundu, poti ndi zimene zimachititsa ena manyazi mpaka kuchedwa pakhomo. Zitenje, beseni, pepala lakuda, kachipewa ka mwana ndi tochi timapempha chifukwa zimathandizadi, magetsi amazima, nsalu za chipatala sizikwana. Koma wopanda zimenezi abwerebe. Zitenje zakale zochapa bwino ndi kusita n'zokwanira, si mpikisano wa zitenje zatsopano. Ndipo amene anachitidwapo opareshoni, wa mapasa, wa BP, ndi wa mimba yoyamba ali wamng'ono, asamadzinamize kuti ndimakhala pafupi. Akambirane ndi anamwino za kudikirira kuchipatala masiku akayandikira.

Nachisale77:
Kudikirira kumafuna ufa, nkhuni ndi gadiyani. Ana otsala pakhomo awaphikira ndani? Tabwereranso pa funso la Mayi Phiri.

Kabaza_wa_Usiku:
Ine mbali yanga ndi iyi. Mayi akafika miyezi 8, abwere pa siteji masana ndi landilodi wake kapena mayi wa kumpingo, atione nkhope, tisunge nambala, tikaonenso nyumba. Mtengo tigwirizane dzuwa likuwala. Ndilankhula ndi tcheyamani wathu, anyamata atatu kapena anayi okhulupirika sangasowe. Koma mvula ikagwa usiku kunjira ya kwa BamboAMapasa, ndiye mundikhululukire.

Landilodi_Weniweni:
Ndakamba ndi mayi a kunyumba. Akuti pa poloti pathu pali awiri, wina wa miyezi isanu ndipo sanayambe sikelo. Ine sindimadziwa n'komwe.

Nyasulu_Belele:
Mumangodziwa tsiku la 30.

Landilodi_Weniweni:
Iwe Nyasulu, ukanakhala wa lendi wanga bwenzi utasamuka kale.

Mlangizi_Zaumoyo:
Mayi Phiri, dera lanu si langa, koma ndimuuza mnzanga amene amayendera kumeneko kuti adzamuone mwanayo sabata ino, aonenso ngati khanda linalandira katemera wa BCG ndi wa poliyo asanatuluke. Mukakumana amayi a pamzere wanu, itananiko amfumu a m'deralo kuti nkhani ya kalata ija aidziwe. Wina akadzafunsidwanso kalata asadzasowe kolowera.

NaPhiri_Chitete:
Zikomo nonse. Katemera analandira, ndaona m'buku. Ndalankhula ndi amayi a banki yathu, tikumana Loweruka 2 koloko pakhonde panga, nkhani ya kathumba ija ikakhala yoyamba. Asisi a ku Mchinji bwerani mudzatifotokozere bwino. Agogo Nankhoma inunso bwerani, mwanayu alibe womulangiza za chikuta, koma thobwa tikonza tokha. Mayi ake tawapeza pafoni dzulo, ali kwa Simlemba, akuti akusaka ya transipoti. Wa ku Joni uja watumiza K40,000 ndi dzina la mwana.

Amene ali ndi beseni lapadera abwere nalo Loweruka. Langa lija akusambiramo mwana, ine ndikuchapira mu ndowa.